Ku Biwi Kulibe Chosalowa

Eva Mbendera anakana kutuluka m'chitokosi.

Pa zaka zake zonse za upolisi, Sajeni Mirriam Kachingwe anali ataona zambiri pa khomo limenelo. Ena ankalira, ena ankatukwana, ena ankakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi malume awo odziwika m'boma. Koma munthu woti wamutsegulira chitseko, iye n'kukhala pansi n'kupinda manja, anali asanamuonepo.

"Achemwali, kapena simunamve bwino," anatero Mirriam. "Wodandaula akuti mlanduwu autseka. Akungofuna mupepese, mumukonzere kompyuta yake, nkhani ithere pomwepo."

"Ndamva, a Sajeni. Ndipepese chiyani?"

Mayi ake a Eva, a Magret, anali ataima kumbuyo kwa Mirriam atanyamula botolo la tiyi amene anali atazizira kalekale. "Iwe Eva, kupepesa sikuthyola msana. Pepesa tizipita. Ukufuna ukagone ku rimandi chifukwa cha kachitsulo?"

"Amayi, anandikoka pa benchi panga pa msika wa Kawale, dzuwa lili paliwombo, anthu akujambula ndi mafoni. Ndikapepesa lero ndiye kuti ndavomera kuti ndine mbava. Mawa ndani adzandisiyira kompyuta yake? Bola khoti."

Nkhani yake inali yaifupi. Goodwin Chimphepo, mnyamata wojambula makanema a maukwati, anali ndi kachipinda kogwirira ntchito kumbali kwa galaji ya bambo ake ku Biwi. Kompyuta yake yapatebulo inali itayamba kuchedwa, ndiye msuweni wake wa ku Joni anamutumizira purosesa yatsopano. Lachisanu anaitana Eva kuti adzaiike, iye n'kunyamuka kukajambula ukwati ku Ntcheu. Atabwerako Lolemba anapeza kompyuta siyikuyaka, kabokosi ka purosesa yatsopano kali pululu. Anapita ku Kawale ndi anzake awiri, n'kumubweretsa Eva kupolisi okha. Akapanda kumvana, mlandu wa kuba ndi kuwononga katundu unkapita ku khoti Lachinayi.

Mirriam anakoka mpando n'kukhala pakhomo pomwepo. "Chabwino. Ndiuzeni ngati mukuuza munthu wosadziwa kanthu, chifukwa ndinedi wosadziwa. Purosesayo simunaiike chifukwa chiyani?"

"Siyikanatheka. Purosesa ndi kachitsulo kafulati ngati bisiketi, ndiye ubongo wa kompyuta. Kamakhala pa soketi, pa bolodi lalikulu lija timati mathabodi. Soketi iliyonse ili ndi nambala yake. Ya Goodwin ndi 1151. Purosesa imene anamutumizira ndi ya soketi 1200. Mukaziika pamodzi, kukula kwake n'kumodzimodzi. Koma m'mbali mwa purosesa muli timipata tiwiri, ndipo pa soketi pali timano tiwiri tolowa m'timipatamo. Anazipanga dala kuti ukatenga yolakwika isakhale pansi."

"Ndiye munatani?"

"Ndinabwezera yakale, ndinayatsa, inayaka. Yatsopano ndinaibwezera m'kabokosi, pa shelefu. Ndinamuimbira Goodwin kumuuza kuti agule mathabodi ina kapena abweze purosesayo. Kiyi ndinasiya kwa bambo ake m'galaji."

"Alipo amene anaona kuti inayaka?"

"Palibe."

"Ndiye tili ndi mawu anu okha."

Eva anamuyang'ana m'maso. "Ayi. Muli ndi kompyutayo. Pitani mukaitsegule, mukachotse fani imene ili pamwamba pa purosesa. Pakati pake timapakapo pesiti, mankhwala otuwa ochotsa kutentha. Ndinapaka watsopano, kadontho ngati nandolo. Mukakapeza ameneyo, ndiye kuti palibe wina anagwirapo, mubwere mudzatseke chitsekochi, kiyi mutaye mu mtsinje wa Lingadzi."

A Magret anagwira m'mutu. Mirriam anaimirira n'kutenga chipewa chake.

*

Ku Biwi munthu amayamba kumva asanaone. Nyundo, magirenda odulira zitsulo, wailesi zitatu zosamvana, minibasi zong'ambidwa mimba zitandandalikidwa m'mbali mwa msewu. Kachipinda ka Goodwin kanali kopakidwa penti yabuluu, zithunzi za akwati zitamatidwa pa zenera, zina zitasuluka ndi dzuwa.

Goodwin anali wamtali, wa ndevu zometa mwaluso, ndipo ankayankhula ngati akuthamangitsidwa.

"Madamu, nkhaniyi ndi yosavuta, sindikudziwa chimene mukuvutikira. Yakale ndi i5. Yatsopano ndi i5. Ndiye isalowe bwanji? Msuweni wanga anafunsa mu shopu ku Joni, osati pa msika wa Kawale. Mtsikana uja anaona kuti katundu ndi wa boo, n'kupeka za manambala zija kuti ine ndigwe ulesi. Panopa akasitomala akundiimbira, mkwati wina wa ku Area 49 akuti abwera ndi azilongo ake. Ine ndikhululuka, koma apepese."

"Munaitsegula chibwerereni?"

"Ndiitsegulirenji? Ine ndimajambula, sindikonza."

"Itseguleni pano."

Goodwin anang'ung'udza, koma anapeza sikuludiraiva n'kumasula chivundikiro cha m'mbali. Mirriam anawunikira ndi foni. Fani inali pakati, yozungulira, timiyendo take tinayi titakanikizidwa pa bolodi. Kamodzi kanali kothyoka, n'kumangidwa ndi kawaya kopotedwa mwaukhondo kwambiri, nsonga zake zitapindidwira mkati kuti zisabaye chala.

"Kawaya aka kanalipo kale?"

"Sindikudziwa. Sindikuganiza."

Atazula faniyo, pansi pake panatuluka ulusi wakuda, wonanda, n'kuduka pang'onopang'ono. Mirriam anagwirapo ndi chala n'kununkhiza. Sanafunikire kufunsa katswiri. Fungo limenelo linali paliponse kunja kwa chitseko.

"A Chimphepo, pesiti wa kompyuta amakhala wamtundu wanji?"

"Wotuwa," anatero Goodwin. Mawu ake anali atachepa liwiro.

"Nanga uyu?"

Goodwin anangoyang'ana girisi wakudayo. Mirriam anamuuza kuti akweze kachitsulo kopanira n'kuchotsa purosesa yakale ija. Pansi pake panali timapini tambirimbiri tagolide, tosaoneka bwino popanda kuwerama. Mbali imodzi tinali chilili, m'mizere. Mbali ina tinali titagona ngati chimanga chokunthidwa ndi mphepo, ndipo pakona panali kabanga kakuda, kopserera.

"Mayi amene amakhalira ntchito imeneyi angapake girisi wa galimoto pa purosesa?"

"Mwina anafuna kutisokoneza."

"Mwina. Loweruka ndi Lamulungu kiyi anali ndi ndani?"

Goodwin anayang'ana khoma limene linkalekanitsa chipinda chake ndi galaji. Kuseri kwake munthu ankamenya chitsulo, mofatsa, mosalekeza.

*

Bambo Yona Chimphepo anatuluka kunsi kwa minibasi chagada, atagona pa katoni. Anali a imvi, amanja akuluakulu, ovolosi yawo itazigambidwa m'mawondo. Sanafulumire. Anapukuta zala chimodzichimodzi asanapereke moni.

"Takulandirani, amayi. Mpando ndi umenewo, musaope, girisi wake anauma chaka chatha."

"Zikomo, abambo. Kiyi wa chipinda cha mwana wanu munalandira ndinu Lachisanu?"

"Ndinalandira. Ndinamukoleka pa msomali apo. Lolemba mwini wake anamutenga pomwepo."

"Loweruka munali kuno?"

"Loweruka tinali ku maliro ku Area 36. Mkulu wa mpingo mnzathu. Galaji inali yotseka. Mukafunse aliyense, ndinanyamula nawo bokosi."

"Za kompyutazi mumazidziwako?"

Anaseka ndi m'mphuno. "Ine? Mundifunse za giyabokosi. Mukuiona minibasi iyi? Thupi ndi la ku Japan, injini ndi ya galimoto ina, giyabokosi ndinaichotsa m'lole imene inagwa ku Nathenje. Anthu atatu anamuuza mwini wake kuti sizingagwirizane, akagulitse ngati zitsulo. Lero ikuthamanga Chinsapo ndi tauni, anthu akulipira. Ku Biwi kuno, amayi, kulibe chosalowa. Chikakana, umachinyengerera. Chikakanabe, umachipala pang'ono."

Mirriam anagwedeza mutu ngati akusirira, maso ake akuyenda. Galajiyo inali yauve mwa dongosolo. Masipanala anali pa misomali malinga ndi kukula. Pansi pa benchi panali zitini za mkaka zodzaza manati, mabawuti ndi tizitsulo topindika, zosaoneka ntchito yake. Pa benchi panali vaisi, chopanira zitsulo chija, ndipo m'mano mwake munali tinsalu tiwiri tofewa, ngati munthu anapanapo chinthu chimene sanafune kuchikanda. Pansi pa vaisi, pakati pa fumbi lakuda la zitsulo, panali kafumbi kena kosalala, kobiriwira.

Mirriam anakumbukira purosesa yakale ija. Pamwamba inali yachitsulo, koma m'mphepete mwake munali mobiriwira.

"Zitini zimenezi mumasungiranji, abambo?"

"Makaniko sataya chitsulo. Chimene wataya lero ndi chimene ufune mawa."

"Mtsikana uja popereka kiyi ananena chiyani?"

Nkhope ya a Yona inauma pang'ono. "Sindikumbuka. Ana a masiku ano amayankhula zambiri."

*

Kutsidya kwa msewu, moyang'anizana ndi galaji, Mayi Zulaikha ankakazinga tchipisi pa chiwaya chachikulu. Anali ochokera ku Mangochi, onenepa, a mawu omveka mpaka pa siteji, ndipo anakana kuyankha funso lililonse Mirriam asanalandire mbale.

"Idyani kaye, achimwali. Wapolisi wanjala amamanga aliyense."

"Mtsikana wokonza makompyuta munamuona Lachisanu?"

"Che Eva? Ndinamuona. Anagula tchipisi pano, tsabola wambiri. Mtsikana wa ulemu koma salola zopusa. Popereka kiyi paja anati, 'Abambo, muwauze a Goodwin kuti chinthu chija sichingalowe, asakakamize.' Eee! Mukanawaona madala aja. Anachita ngati wawatukwanira amayi awo. Anati, 'Iwe mwana, ukudziwa kuti uli kuti?' Mtsikana anangoti, 'Ndili ku Biwi, abambo, koma soketi sidziwa zimenezo.' Anyamata onse a m'magalaji kuseka. Madala osaseka."

"Potuluka ananyamula chiyani?"

"Kachikwama kake ka zida. Za m'kati sindinaone, ndisanamizire."

"Loweruka galaji inali yotseka?"

"M'mawa inali yotseka. Anapitadi ku maliro, suti yakuda, nsapato zopolisha. Koma chakumasana ndinangoona abwera, ovolosi avala pamwamba pa suti. Geti sanatsegule, analowera kakhomo kakang'ono. Tsikulo magetsi kunalibe, ndiye ndinangomva jenereta yalira. Ndinati Mulungu ngwabwino, ndikatchajitse foni. Ndikugogoda, osatsegula. Ndikumva tupa, kwe, kwe, kwe, pang'onopang'ono ngati akusula mphete ya ukwati. Kenako zii. Kenako chitseko cha chipinda cha Che Goodwin."

"Kenako?"

"Kenako fungo, ngati wina wawotcha pulasitiki. Jenereta inazima. Madala anatuluka, anadutsa pano osapereka moni. Munthu amene amandiseka tsiku lililonse kuti mafuta anga ndi oyilo wa injini! Ndinati kapena ndi chisoni cha maliro."

"Bwanji simunanene zimenezi pamene ankamugwira mtsikana uja?"

Mayi Zulaikha anatembenuza tchipisi, osayang'ana m'mwamba. "Anandifunsa ndani? Komanso achimwali, chiwaya changachi chili pa malo awo."

*

Mirriam akanatha kutenga zitini zonse zija n'kuzikhuthula pansi. Koma zinali zambiri, ndipo munthu wamkulu ngati ameneyo akanati aliyense akanatha kuponyamo kanthu. Anaganiza zoyamba wawatchera msampha ndi pakamwa.

Anaitana Goodwin kuti abwere m'galaji ndi kompyuta yotsegula ija. Anyamata a magalaji oyandikana anayamba kusendera, aliyense atagwira sipanala kuti aoneke ngati ali pa ntchito. A Yona anakhala pa tayala, akupukuta bawuti imene inali yoyera kale.

"Ndabwera kudzatsanzika," anatero Mirriam, akuyankhula ndi Goodwin koma mokweza. "Ndinaganiza kuti mwina wina anayesa kuika purosesa yatsopano ija n'kuwotcha bolodi. Koma ndafunsa odziwa. Akuti n'zosatheka. Timano ta pa soketi sitingalole. Akuti ngakhale mutasonkhanitsa amakaniko onse a ku Biwi, ndi nyundo zawo, kachitsulo kameneko sikangakhale pansi."

Mnyamata wina anaseka. Bawuti inasiya kuzungulira m'manja mwa a Yona.

"Mtsikana uja ndiye akuchita kunenetsa," anapitiriza Mirriam. "Akuti kuno mumadziwa zomenya ndi zowotcherera basi. Ntchito yofuna diso ndi dzanja lofatsa ngati imeneyi, akuti palibe angaithe. Amene anayesa, ngati alipo, anangokanda n'kugonja."

"Ananama."

Mawuwo anatuluka pansipansi. Goodwin anatembenuka. "Madala, khalani chete."

"Ndati ananama!" A Yona anaimirira, bawuti n'kugwa. "Kanalowa! Timipata take tinali pamwamba pang'ono, ndinayeza, ndinapala tina m'munsi mwake, mbali zonse ziwiri mofanana. Kanakhala pansi, phaa, ngati kanabadwira pomwepo. Chopanira chinatseka chokha, osakakamiza. Girisi wawo wotuwa uja anali wochepa, wouma, ndinapukuta n'kuika wabwino. Kanalowa, amayi. Mukalembe zimenezo."

Kutali girenda inkalirabe.

"Ndilemba," anatero Mirriam. "Nanga mutayatsa?"

A Yona anayang'ana anyamata aja, kenako mwana wawo. Mapewa awo anatsika. "Panatuluka utsi."

"Kali kuti?"

A Yona anawerama pansi pa benchi, osafufuza n'komwe, n'kukoka chitini chachitatu. Pamwamba pa manati panali kansalu, m'kansalumo muli purosesa. M'mbali mwake munali timipata tinayi m'malo mwa tiwiri. Tiwiri tatsopanoto tinali tosalala, tofanana ndendende. Inali ntchito yaukhondo zedi.

Goodwin anakhala pansi pa simenti. "Madala, munandiona ndikupita ku Kawale ndi anyamata. Munandiona. Osanena?"

"Ndikanati chiyani? Kuti kamtsikana kananena zoona pamaso pa Biwi yense?"

"Kagona m'chitokosi chifukwa cha inu," anatero Mirriam. Sanakweze mawu. "Valani jekete, abambo."

*

Mirriam atafika nawo kupolisi n'kufotokoza zonse, a Magret anayamba kulira ndi kuthokoza Mulungu nthawi imodzi. Eva anamvetsera nkhani yonse ali chikhalire. Atamuonetsa purosesa ija, anaitembenuza, n'kuyang'anitsitsa timipata tatsopano tija.

"Dzanja muli nalo, abambo," anatero. "Koma timipata si ndiye nkhani. Pansi apa pali timadontho tagolide, kalikonse kali ndi pini yake. Munalowetsa magetsi pamene sipolowera magetsi."

A Yona anayang'ana pansi. Goodwin ndi amene anayankhula, mofatsa tsopano. "Asisi, talakwa. Mlandu ndikuutseka. Madala ndi munthu wamkulu, mkulu wa mpingo. Tiyeni tithane pompano, mwakachetechete. Chilichonse chimene munganene tichita."

"Eva, wamva," anatero a Magret. "Anthu apepesa. Tiye."

"Apepesa kuno, kuli anthu asanu. Anandigwira kuti?"

Eva anatembenukira kwa Mirriam.

"A Sajeni, lamulo likuti chiyani?"

"Ndinu mfulu kuyambira pano," anatero Mirriam. "Ngati mukufuna kuwasumira chifukwa chokunamizirani ndi kukukokani pagulu, ndi ufulu wanu. Ndikuthandizani kutsegula."

"Sindikufuna madalawa agone muno. Pansi pake mpozizira, ndapayesa." Eva anaimirira, n'kukutumula siketi yake. "Ndikufuna tiyende tonse mpaka pa msika. Wapansi. Akaime pa benchi panga, anene ndi pakamwa pawo chimene anachita. A Goodwin aitane anzawo awiri aja, ajambule ngati mmene anajambulira tsiku lija. Si ntchito yawo kujambula?"

"Mwana wanga," anatero a Yona, "ine ndine wamkulu."

"Inenso ndili ndi dzina, abambo. Ndi limene ndimadyera."

Mirriam sanalamulidwe ndi aliyense kuti apite nawo, koma anapita, akuyenda kumbuyo. Pofika pa msika anthu anali atayamba kale kutsatira. Benchi ya Eva inali pakati pa wogulitsa matchaja ndi telala, itaphimbidwa ndi pepala la pulasitiki, mwala pamwamba. Eva anachotsa mwalawo, anapinda pepala, anayala masikuludiraiva ake, kenako anayang'ana a Yona.

Mkuluyo anavula chipewa. Anayamba motsitsa, telala n'kukuwa kuti sakumva. Anayambiranso. Ananena za kiyi, za tupa, za girisi, za kawaya ka pa fani, za utsi. Ananena kuti mtsikanayu sanabe kanthu, ndipo anachenjeza, iwo osamva. Pamene anafika poti kachitsuloko kanalowa ndithu, anthu anaphulika kuseka, ndipo iwo anadikira mpaka phokoso litatha, n'kubwereza kuti kanalowa. Goodwin anagwira foni m'mwamba mpaka pamapeto.

Anthu atayamba kubalalika, Goodwin anasendera pa benchi. "Asisi, nanga makanema a anthu aja? Mkwati wa ku Area 49 uja..."

"Makanema ali bwinobwino, sanapse. Chapsa ndi bolodi. Mukagule mathabodi ina. Musanalipire mundiimbire, mundiwerengere nambala ya soketi."

"Mudzandiikira?"

"Mudzabwere nayo kuno. Ku Biwi sindipondako."

Eva anatambasula dzanja kwa Mirriam. Mlandu unali utatsekedwa, ndipo Goodwin anangogwedeza mutu, choncho Mirriam anamupatsa purosesa yopalidwa ija. Eva anapempha kawaya kwa wogulitsa matchaja, anakakoletsa m'timipata ta a Yona, n'kuipachika pa msomali pamwamba pa benchi, poonekera aliyense.

Bambo wina amene anaima pambali nthawi yonseyi, kompyuta itakulungidwa m'chitenje kukhwapa, anatsokomola. "Achemwali, ndagula purosesa kwa mnzanga. Akuti ikhoza kulowa."

Eva analoza kachitsulo kakulendewera kaja.

"Iyinso inalowa," anatero. "Ikani apa, tione nambala."